Kope la Lachinayi

Mwezi wathawu tinaika m'manda mayi a ku Ntcheu. Mwa anthu onse amene tinkagwada pamphasa imodzi Lachinayi lililonse ku Magomeni, tinatsala awiri, iwo ndi ine. Tinawagoneka ku manda a Kinondoni, chapafupi ndi pamene pagona bambo a ana anga. Anthu anabwera ambiri, sindinganame, ndipo ana awo anachita zonse zoyenera: matenti, mipando, zimkuzamawu, chakudya, ndi mnyamata woyendetsa mwambo amene ankaitana magulu kudzaika nkhata. Abusa analalikira bwino m'Chiswahili. Koma kuyambira pasiwa mpaka pamene khasu lomaliza linasalaza mtumbira, palibe amene anatchula dzina lawo kwa Mulungu m'chilankhulo chimene anabatizidwira. Ndinafuna kuimirira, koma miyendo yanga masiku ano simvera msanga, ndipo papepala la ndondomeko panalibe malo a nkhalamba imene ambiri sankaidziwa. Ndinangogwedeza milomo pansi pa chitenje.

Nditafika kunyumba ndinatsegula sutukesi ya pansi pa bedi nkutulutsa kope. Ndi kope wamba la kusukulu, chikuto chake chinathothoka kalekale, ndinachita kulisoka ndi ulusi wakuda. Limenelo ndi lachitatu, awiri oyamba ali m'munsi mwake. Mulibe nyimbo, mulibe ulaliki. Muli mayina okhaokha a anthu.

Ndinabwera ku Dar es Salaam mu 1966, ndili ndi zaka 22, mwana kumbuyo. Kwathu ndi ku Domasi. Amuna anga anali kalaliki wamng'ono m'boma ku Zomba pamene nduna zinasemphana ndi Kamuzu mu September 1964, ndipo monga antchito a boma ambiri a ku Zomba masiku amenewo, mtima wawo unali kwa ndunazo. Sanagwire mfuti, sanaime pansanja. Anangoyankhula, ndipo wina anamva. A Chipembere, mmodzi wa ndunazo, atalephera kuwoloka pa Liwonde mu February 1965, anthu anayamba kutengedwa usiku, amuna anga nkuzemba. Ine ndinatsatira patatha chaka: pa sitima ya Ilala mpaka kumpoto, kuwoloka Songwe wapansi, kenaka basi ya fumbi kuchokera ku Mbeya kudzera ku Iringa ndi Morogoro. Njanji ya TAZARA kunalibe, inadzatha mu 1975. Nditamva kuti mumzindawu mulinso dera lotchedwa Ilala ndinalira, chifukwa linali liwu loyamba limene khutu langa linazindikira.

Tinapeza chipinda chimodzi m'nyumba ya Chiswahili ku Magomeni, ya zipinda zisanu ndi chimodzi, kanjira pakati, kuseri kuli bwalo lophikira ndi lochapira. Eni nyumba anali Asilamu. Lamulungu tinkapita ku St Columba ku Upanga, kwa a Presbyterian anzathu, kumene mapemphero anali m'Chingerezi. Anatilandira bwino. Koma ine Chingerezi changa chinali cha sitandade sikisi, chokwanira kupereka moni ndi kutsatira nyimbo, osati kutulira chimene chinali pachifuwa panga. Chiswahili nacho chinali chisanakhazikike pakamwa. Ndinkatuluka m'tchalitchi katundu wanga ali pamutu monga ndinalowera.

Amene anayambitsa za Lachinayi anali agogo ena a ku Likoma, a Anglican, amene anabwera kuno kale nthawi ya Angerezi kudzagwira ntchito padoko. Anthu a kwathu anali ambiri m'tauni muno kuyambira kale, ophika m'nyumba za azungu, makalaliki, aphunzitsi, ndipo eni dziko ankatitcha tonse Wanyasa. Agogowo anandipeza tsiku lina pampopi ndikung'ung'udza nyimbo ya kwathu potunga madzi. Anaima nkundifunsa kuti, "Mwana wanga, kwanu nkuti?" Lachinayi lotsatira anabwera madzulo ndi Buku Lopatulika m'thumba la pulasitiki, pambuyo pawo pali mayi a ku Ntcheu aja, nthawi imeneyo ali mtsikana ngati ine. Tinali anayi ndi amuna anga. Pomatha chaka tinali pafupifupi makumi awiri, moti tinkatulutsa bedi panja kuti anthu akwane.

Kwathu sitikanakhala pamphasa imodzi. Panali ife a CCAP a ku Blantyre Synod, a ku Nkhoma, a ku Livingstonia amene ankayamba pemphero m'Chichewa nkulimalizira m'Chitumbuka kapena m'Chitonga mtima ukadzaza. Panali a Anglican a kunyanja, Akatolika awiri ndi makorona awo, ndi bambo mmodzi wa Seventh Day wa ku Malamulo. Tinalibe m'busa, tinalibe mgonero, tinalibe ngakhale dzina. Wina akanati umenewo sunali mpingo. Ine amayi anga anali a Mvano, ndinakulira pansi pa belu la mishoni, ndipo ndikunena mosakayika kuti mpingo weniweni ndinauona m'chipinda chimenecho. Chimene chinatipanga mpingo chinali chimodzi basi: tinkapemphererana.

Mwambo wake unali wosavuta. Nyimbo imodzi kapena ziwiri za m'buku la Nyimbo za Mulungu, motsitsa mawu. Kenaka wina ankawerenga ndime pakuwala kwa koloboyi. Panalibe ulaliki wautali. Tikatero tinkagwada, kope nkutsegulidwa, ndipo mmodzi ankawerenga dzina, nkuima. Mwini dzinalo, kunena amene analibweretsa, ankapempherera munthu wakeyo mwachidule, tonse nkuvomera. Dzina lina. Nthawi zina mwini dzina ankalephera, mawu atamutsamwa, ndiye woyandikana naye ankalitola dzinalo nkulinyamula iye. Ndikaganiza za pemphero, ndimaona zimenezo: mayi wa ku Karonga akupempherera apongozi anga a ku Malosa amene sanawaonepo, ngati kuti ndi amayi ake omubereka.

Kutentha kwa Dar es Salaam mwezi wa January ndi kwina. Thukuta linkatsika m'misana, udzudzu wa m'dambo la Jangwani uli ng'wee m'makutu, koma chitseko tinkatseka, chifukwa mayina amenewo sanali oti aliyense amve. Tinkadziwa kuti m'tauni muli anthu otumidwa kudzamvetsera zimene othawa akunena, ndi kuti dzina likafika kolakwika, wovutika ndi wachibale wotsala kumudzi. Ndi chifukwa chake m'kope loyamba anthu ambiri sanalembedwe ndi mayina awo enieni. Muli "malume a pa Dzeleka," "mlongo wa ku Chichiri," "mwana wodwala chifuwa." Agogo a ku Likoma ankati Mulungu safuna adiresi. Mayi eni nyumba, Msilamu wosala Ramadani yonse, akaona anthu athu akulowa ankasonkhanitsa ana a m'nyumba monse kupita nawo kubwalo la kuseri, nkumawauza kuti akhale chete, Wanyasa akupemphera. M'bandakucha ife tinkadzutsidwa ndi kuitana kwa kumzikiti, ndipo ndinazolowera kudzuka nthawi yomweyo nkunena langa pemphero.

Muyenera kumvetsa kuti tinalibe njira ina yofikira kwathu. Kalata yochokera ku Tanzania inali ngozi kwa woilandira. Maboma awiriwa sankaonana ndi diso labwino, makamaka Kamuzu atanena mu 1968 kuti madera ena a kummwera kwa Tanzania ndi a Malawi. Lamya kunalibe kwa anthu ngati ife. Usiku amuna anga ankapotokola wailesi kufunafuna MBC, ikumveka nkuzimirira, kuti mwina timve za maliro. Choncho pamene ndinkatchula dzina la amayi anga Lachinayi, sikunali kukwaniritsa mwambo. Inali njira yokhayo yowakhudzira. Ndinkadziwa kuti nawonso, atavala bulauzi yoyera ndi duku loyera pakati pa amayi a Mvano, akunditchula chamumtima, poti mokweza sakanatha. Tinkakumana kwa Mulungu, popeza pansi pano malire anali otseka.

Usiku umene sindidzauiwala unali wa mu October 1967. Mbiri inafika kuti a Yatuta Chisiza, mmodzi wa nduna zija, aphedwa ndi asilikali chakufupi ndi Mwanza ya ku Malawi, atalowa m'dziko ndi kagulu ka amuna a mfuti. Mmodzi mwa anyamata amene anapita nawo ankadya nsima kwa mayi a ku Karonga aja, ankawatcha amayi. Lachinayi limenelo m'chipinda munalibe woyang'ana mnzake kumaso. Titamaliza mayina onse, agogo a ku Likoma anati, "Latsala dzina limodzi. Tipempherere a Kamuzu."

Amuna anga anadzuka pamene anagwada. Sindinawaonepo atakwiya chotero. Anati, "Agogo, ndi ulemu wonse, ine munthu amene wandisandutsa mtchona, amene wapha ana a eni ake, pakamwa panga sadzatulukapo. Iyeyo amati ndi mkulu wa mpingo wa ku Scotland, akamupempherere a ku Scotland komweko." Ena anavomereza. Bambo wa ku Malamulo anati tingopempha kuti Mulungu amuchotse. Mayi a ku Karonga sanayankhule, ankangolira.

Agogowo sanatsutse ndi mavesi, ngakhale ankawadziwa onse. Anangoti, "Ana anga, ine sindikuti ndi wabwino. Ndikuti makiyi a ndende zonse zimene muli abale athu ali m'thumba mwake. Ngati sitimutchula kwa Mulungu, tamusiya m'manja mwa yani? Ndipo ndikuopa chinthu china. Tikayamba kusankha woyenera kupemphereredwa, mawa tidzasankhana tokhatokha muno." Panali chete wautali. Amuna anga anatuluka nkukaima m'kanjira. Amene anapemphera anali mayi a ku Karonga, m'Chitumbuka, mawu akunjenjemera. Sanapemphe kuti Kamuzu akhale ndi moyo wautali ngati mmene ankapempherera pa wailesi. Anapempha kuti Mulungu amusowetse tulo mpaka amve kulira kwa amayi. Tonse tinavomera. Dzinalo linalembedwa pamapeto pa tsamba, ndipo linakhala m'makope onse atatu, tikumupempherera mpaka munthuyo anamwalira mu 1997. Amuna anga anatha miyezi inayi akutuluka dzinalo likafika. Tsiku lina sanatuluke. Sanandiuze chifukwa chake, inenso sindinawafunse, koma kuyambira pamenepo anasiya kukukuta mano kutulo.

Mawu a agogo aja anadzaoneka kulemera kwake patsogolo. Andale athu othawa anagawikana, ena kwa a Chipembere, amene anaphunzitsapo ku koleji ya Kivukoni asanapite ku America kumene anamwalira mu 1975, ena kwa a Kanyama Chiume, ena kwa a Orton Chirwa, achinyamata ena ku gulu la LESOMA. Amuna ankatha kulambalalana pamsewu osapatsana moni, wina kumuganizira mnzake kuti ndi kazitape. Koma Lachinayi ankagwada phewa ndi phewa, chifukwa nkovuta kuda munthu amene dzulo lake wanyamula dzina la mayi ako pamene iwe unalephera. Mu 1972 titamva kuti a Mboni za Yehova akuwotcheredwa nyumba ndi kuthawira ku Zambia chifukwa chokana kugula khadi la chipani, panalibenso mkangano. Sitinkagwirizana nacho chiphunzitso chawo, koma analowa m'kope.

Ana a masiku ano akamva za pemphero amaganiza kuti ndi mawu chabe. Kwa ife dzina likalowa m'kope, linkatipatsa ntchito. Sungatchule munthu Lachinayi kuti wagonekedwa ku chipatala cha Muhimbili, Lachisanu nkulephera kumupititsira phala. Mnyamata akafika kuchokera kumalire alibe pogona, dzina lake linkawerengedwa, ndipo tisanadzuke pamphasa wina anali atanena kale kuti agona kwathu. Pakhomo pankakhala chitini chopanda chivindikiro, aliyense ankaponyamo zimene ali nazo, ndipo ndalama imeneyo inagula mabokosi a maliro ambiri kuposa mmene ndingawerengere. Maliro nkulirana. Mtchona akamwalira, thupi silikanapita kwawo. Amuna athu ankakumba okha, ife tinkasambitsa, ndipo pamanda pankamveka Chichewa mpaka eni dziko odutsa ankaima.

Nkhondo ya Kagera itatha mu 1979, zinthu zinasowa m'dziko muno. Tinkadzuka usiku kukaima pamzere wa shuga, sopo ndi ufa wachikasu umene anthu anautcha wa Yanga, poufanizira ndi malaya a timu ya mpira ya dzina limenelo. Masiku amenewo pemphero lopempha chakudya cha tsikulo linasiya kukhala mawu oloweza pamtima. Amene wapeza ufa ankabwera nawo Lachinayi nkuugawa m'timapepala. Sindikumbuka banja la m'gulu lathu limene linagona ndi njala masiku awiri otsatizana.

Chaka chomwecho cha 1979 amayi anga anamwalira ku Domasi. Ine ndinamva patapita miyezi isanu ndi iwiri, kudzera kwa munthu wina wodutsa ku Lusaka. Miyezi isanu ndi iwiri ndinkapempha Mulungu kuti awapatse mphamvu m'miyendo, iwo ali m'manda. Chimenecho chinandipweteka kuposa imfa yeniyeniyo. Ndinauza mayi a ku Ntcheu kuti sindidzagwadanso, mapemphero anga onse aja anangogwera pansi ngati madzi a m'dengu. Iwo sanandidzudzule. Anapita kukauza anzathu, ndipo madzulo ake anthu anabwera ndi mphasa zawo. Anagona pasiwa masiku awiri, maliro opanda mtembo, amayi m'nyumba, abambo panja pamoto ngakhale kunali kotentha, kuti zikhale monga kwathu. Ine sindinapemphere ngakhale liwu limodzi. Anapemphera ndi iwo. Kwa miyezi ingapo ndinkangokhala pakona Lachinayi, pakamwa pali gwa, ndipo palibe anandikakamiza. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa chifukwa chake munthu sangakhale Mkhristu payekha. Pali nyengo imene chikhulupiriro chako chimazima, ndipo umakapala moto kwa mnzako.

Pambali pa dzina la amayi tinaika kamtanda. Sitinkafufuta dzina la womwalira. Ife a CCAP sitipempherera akufa, Akatolika amatero, ndipo tinagwirizana kuti dzina la kamtanda liziwerengedwa, tonse tizingoti zikomo kwa Mulungu chifukwa cha moyo wake, aliyense nkumalizira mumtima monga anaphunzitsidwira.

Sindikufuna kunamiza aliyense kuti zonse zimene tinapempha tinalandira. A Orton Chirwa ndi mayi Vera anagwidwa nthawi ya Khirisimasi mu 1981 kumalire a Zambia ndi Malawi. Sitinali anthu oyenda nawo, iwo anali ophunzira kwambiri, tinkangowaonera patali m'tauni muno. Koma mayina awo analowa m'kope sabata yomweyo. Mu 1983 anaweruzidwa kuti aphedwe, tinasala kudya. Chilango chitasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse tinati Mulungu wamva, atuluka. Zaka khumi ndi chimodzi, Lachinayi lililonse, dzina limenelo linatchulidwa. Mu October 1992 a Orton anafera m'ndende ya Zomba, ufulu uli pakhomo. Mayi Vera anatuluka mu January 1993. Mpaka lero sindimvetsa chifukwa chake Mulungu anatsegula chitseko mochedwa ndi miyezi itatu yokha. Ndinamufunsa, ndipo ndimamufunsabe. Agogo a ku Likoma anali atapita kale nthawi imeneyo, amuna anganso anatisiya mu 1989 osaliwonanso phiri la Zomba. Koma sindinamvepo wina mwa ife akunena kuti zaka khumi ndi chimodzi zija zinatayika. Munthu anali m'chipinda cha mdima, dziko lake likuopa kutchula dzina lake, ndipo kutali kuno kunali anthu wamba amene sanalole kuti dzinalo lizime.

Kalata ya mabishopu a Katolika yodzudzula boma itawerengedwa m'matchalitchi a ku Malawi pa 8 March 1992, tinaimva pa BBC. Akatolika athu awiri aja tinawanyamula m'mwamba ngati kuti analemba ndi iwo. Pa 14 June 1993 anthu kwathu anavotera nyali ya zipani zambiri, kukana tambala wakuda wa chipani chimodzi, ndipo posakhalitsa kunalengezedwa kuti othawa abwerere. Lachinayi limenelo kwa nthawi yoyamba tinaimba chitseko chili chotsegula, mokweza, mpaka anthu a nyumba zoyandikana anadzaunjikana pawindo. Tinawerenga mayina enieni a anthu amene kwa zaka zambiri tinkawatchula mophiphiritsa. Ena tinali titaiwala kuti dzina lenileni la "malume a pa Dzeleka" ndi ndani, mwini wake anachita kutikumbutsa.

Sitinadziwe kuti yankho lomwelo ndi limene lidzatibalalitse. Mu 1994 anthu anayamba kulongedza. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Banja ndi banja tinkaliperekeza kukakwera basi ya ku Kyela. Inenso ndinapita, ndinakagwada pamanda a amayi, ndinaona Domasi. Koma munda wathu unali ndi eni ake ena, ana a achemwali anga ankandiyang'ana ngati mlendo, ndipo ana anga, okulira kuno, anali ndi ntchito ndi mabanja ku Dar es Salaam. Amuna anga anali ku Kinondoni. Ndinabwerera. Tinatsala asanu ndi awiri, kenaka asanu. Nyumba ya ku Magomeni inagulitsidwa nkugwetsedwa, pamalopo pali nyumba yosanja ya masitolo, kutsogolo kwake kukudutsa mabasi a mwendokasi. Tinayamba kukumana kwa mayi a ku Ntcheu ku Mwananyamala, atatu, kenaka awiri. Zaka zomalizazi maondo anakana kugwada, tinkakhala pamipando, iwo akuwerenga chifukwa maso awo anali abwinopo.

Mzinda uno lero ukupemphera kuposa kale lonse. Lachisanu usiku sugona ndi zimkuzamawu za mikesha, mapemphero ochezera usiku wonse. Pa wailesi, pa TV, m'madaladala, paliponse pali wolalikira. Anthu masauzande amadzaza mabwalo kufuna mafuta ndi madzi odalitsidwa. Sindiwanyoza anthu amenewo. Ndimawaona nkhope zawo: mayi wosabereka, mnyamata wa digiri wopanda ntchito, bambo wa ngongole. Ludzu lawo ndi lenileni, ndi lomwe lija tinali nalo ife. Chimene chimandiliza ndi choti aliyense amapita yekha ndi vuto lake nkubwerako yekha. Mdzukulu wanga ananditengerako kamodzi. Anthu onse ankafuula nthawi imodzi, aliyense zake, ndipo mayi amene anaima pambali panga ankalira kwambiri. Ndinafuna kudziwa dzina lake ndi chimene chamusautsa kuti ndimunyamulireko, koma phokoso silinalole, ndipo potuluka anasowa m'chikhamu. Mu February 2020 ku Moshi anthu makumi awiri anafa popondana, akuthamangira kuponda mafuta odalitsidwa. Nditamva ndinakhala pansi tsiku lonse. Anthu opita kukapemphera kupondana mpaka kufa, chifukwa aliyense akuopa kuti dalitso litha asanafike iye. Ife tinaphunzitsidwa kuti dalitso lako lili m'kamwa mwa mnzako.

Ngakhale m'matchalitchi athu akale, pemphero lafupika. Zolengeza ndi zopereka za chitukuko zimatenga ola, kupempherera odwala mphindi ziwiri, ndipo amangoti odwala onse, osatchula ndi mmodzi yemwe. Odwala onse ndi ndani? Munthu amene wagona ku Mwananyamala m'chipatala ali ndi dzina, ali ndi mwana amene sanadye.

Sindinganene kuti zonse zinatha. Loweruka m'mamawa, kusanatenthe, Akatolika a mumsewu wathu amakumana pakhomo pa mmodzi wa iwo, amati jumuiya, kwathu amati mphakati. Bishopu Patrick Kalilombe wa ku Lilongwe anali mmodzi mwa amene analimbikitsa kwambiri timagulu timeneti m'zaka za m'ma 1970, ndipo mbewu yake inamera mpaka kuno. Akafika pakhomo loyandikana nafe ndimakoka mpando nkukhala kumpanda. Amatchulana mayina, amasonkherana za odwala. Mtima wanga umatsikako pansi. Koma ndi Chiswahili, ndipo ngakhale ndachiyankhula zaka zoposa makumi asanu, ndimagula nacho, ndimakalipira nacho adzukulu, sindinathe kulira nacho pamaso pa Mulungu.

Amalawi achinyamata aliponso ambiri m'tauni muno, ogwira ntchito m'nyumba za anthu ku Mikocheni ndi ku Mbezi, ogula katundu ku Kariakoo, madalaivala a mathanki a mafuta amene amadikira ku Kurasini. Iwo sali ngati ife. Akafuna amayi awo amangotulutsa foni nkuwaona nkhope pa WhatsApp, ndipo ndimathokoza Mulungu kuti sadzadziwa za miyezi isanu ndi iwiri ija. Mtsikana wina wa ku Mangochi wogwira ntchito pafupi nafe ndinamuitana kuti tizipemphera Lachinayi. Anabwera kawiri, mwaulemu ndithu, ndipo ulendo wachiwiri analira potchula mwana wake amene anamusiya kwa agogo ake. Koma abwana ake samulola kutuluka madzulo, ndipo mapepala ake si okwanira, amaopa kuyenda. Dzina la mwanayo ndinalilemba. Ndi lomaliza m'kope lachitatu.

Lachinayi lapitali linali loyamba kukhala ndekha. Dzuwa litapendeka ndinasamba, ndinavala duku loyera, ndinakhala pampando kope lili pamiyendo. Nditatsegula ndinapeza kuti zilembo zasanduka nyerere, sindikuona kanthu. Ambiri ndimawadziwa pamtima, koma ndinaopa kudumpha wina. Ndinaitana mdzukulu wanga wamkazi, wa fomu thiri, amene Chichewa amangodziwa moni ndi zikomo. Anabwera foni ili m'manja nkundifunsa m'Chiswahili kuti, "Bibi, anthu onsewa ndi ndani?" Ndinati ingowerenga, ukatchula dzina uziima.

Anayamba. Lilime lake linkapunthwa pa mayina a kwathu, ena ankawatchula mpaka ine osawazindikira, ndiye ndinkamubwereza, iye nkubwerezanso. Pafupifupi dzina lililonse linali ndi kamtanda. Ndinkati zikomo, iye nkupita pa lina. Pofika tsamba lachitatu ndinaona kuti foni waiika pansi. Atafika pa dzina la agogo ake aamuna anaima nthawi yaitali kuposa pa ena, ndipo zikomoyo ananena ndi iye, m'Chichewa.

Tinafika pa dzina la mayi a ku Ntcheu. Linalembedwa ndi dzanja la amuna anga mu 1968, pamene mayiwo anali ndi pakati poyamba, ndipo linasamutsidwa kope ndi kope. Mwanayo anati, "Bibi, ili lilibe kamtanda." Ndinamutuma akatenge cholembera m'chikwama chake cha kusukulu.